Ndimagulitsa pa Facebook ndi pa WhatsApp: kodi msonkho ukundikhudza?

Funso: "Zikomo alangizi. Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimakhala ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe. Kwa zaka zitatu tsopano ndakhala ndikugulitsa nsapato, zikwama ndi zitenje. Ndilibe shopu, katundu amakhala m'chipinda kunyumba, ndimamujambula n'kuika zithunzi pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo ogula amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba. A mumzinda muno ndimawatumizira pa njinga yamoto, a ku Mzuzu ndi ku Blantyre ndimawakwezera pa basi. Pa mwezi ndimagulitsa katundu wa ndalama pafupifupi K700,000, koma ndikachotsa yopikulira, yotsala ndi yochepa. Posachedwapa bungwe lina linafuna kuti ndiligulitse zitenje 80, koma litandifunsa TPIN, nambala ya wokhoma msonkho, malondawo anathera pomwepo. Anzanga akuti wogulitsa pa foni sakhoma msonkho chifukwa alibe malo. Ena akundiopseza kuti ndikangoponda ku MRA adzandiwerengera zaka zonse zitatu n'kundilanda katundu. Choona n'chiti?"

Yankho: Mayi, khazikani mtima pansi. Pa zaka zomwe ndakhala ndikuthandiza amalonda ang'onoang'ono kulongosola mabuku awo, ndaona kuti amene amadzafunsa okha, asanalandire kalata yochokera ku ofesi ya msonkho, nkhani yawo imatha mosavuta, ndipo kawirikawiri ndalama yomwe amauzidwa kuti alipire imakhala yochepa kwambiri poyerekeza ndi yomwe inkawasowetsa tulo. Anzanu onse awiriwo akukusocheretsani, aliyense kumbali yake, ndipo ndiyamba ndi amene akunena kuti wa pa foni sakhoma msonkho.

Lamulo la msonkho m'dziko muno siliyang'ana ngati munthu ali ndi shopu ya njerwa, benchi pamsika kapena chipinda cha ana chomwe chasanduka mosungira katundu. Limayang'ana chinthu chimodzi: kodi munthuyu akuchita malonda n'kumapezapo ndalama? Mukagula nsapato ndi cholinga choti muzigulitsenso pa mtengo wokwererapo, ndipo mukachita zimenezi mobwerezabwereza, muli pa malonda, ngakhale ogula anu asanaonepo nkhope yanu. Foni ndi khomo chabe lomwe makasitomala amalowerapo. Zimasiyana ndi munthu amene wagulitsa firiji yake yakale kapena diresi lomwe lamuchepera. Ameneyo wangotaya katundu wa m'nyumba, sanayambe geni. Chimene chimasokoneza ambiri ndi chiphaso cha pamsika. Popeza wogulitsa pa benchi amadulitsa chiphaso tsiku ndi tsiku ndipo anthu amachitcha msonkho, wa kunyumba amaganiza kuti iye wapulumuka. Koma ndalama ya chiphasoyo imapita ku khonsolo, ndi yolipirira malo, ndipo siikhudzana ndi msonkho wa pa zomwe munthu wapeza, umene amatolera ndi a Malawi Revenue Authority (MRA). Wa pa benchi uja nayenso ali ndi udindo womwewo ku MRA.

Tsono funso lenileni ndi lakuti mulipire zingati, ndipo apa m'pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa pali mawu awiri omwe amalonda ambiri amawasakaniza: ndalama zonse zogulitsa, ndi phindu. K700,000 yomwe mwatchulayo ndi ndalama zogulitsa, kutanthauza zonse zomwe ogula akupatsani musanachotse kalikonse. Phindu ndi lomwe limatsala mukachotsa yopikulira katundu, yoyendera, ya wa njinga yamoto, ya bandulo ndi zina zotero. Boma lili ndi njira ziwiri zokhomera msonkho munthu wodzilemba yekha ntchito ngati inu, ndipo imodzi imawerengera ndalama zogulitsa pamene inayo imawerengera phindu.

Njira yoyamba ndi ya amalonda ang'onoang'ono, yomwe a MRA amaitcha presumptive tax. Inakhazikitsidwa mu ndondomeko ya zachuma ya 2021 pofuna kuti munthu wa geni yochepa asavutike ndi mabuku ovuta. M'mene anaiikira chaka chimenecho, amene wagulitsa zosaposa K4 miliyoni pa chaka salipira kalikonse. Kuchoka pamenepo kufika pa K7 miliyoni amalipira K110,000 pa chaka. Kufika pa K10 miliyoni amalipira K170,000. Ndipo kufika pa K12.5 miliyoni amalipira K225,000. Tikatenga K700,000 yanu n'kuichulukitsa ndi miyezi 12, tikupeza K8.4 miliyoni, zomwe pa ziwerengero za 2021 zikukuikani pa K170,000 pa chaka, kapena kuti ndalama yongopitirira pang'ono K14,000 pa mwezi. Ndikukhulupirira kuti bandulo yanu ya pa mwezi siitalikirana kwambiri ndi ndalama imeneyi. Ziwerengero za msonkho zimasinthidwa nduna ya zachuma ikapereka bajeti ku Nyumba ya Malamulo, choncho tsiku lomwe mudzapite kukalembetsa mudzapemphe kuti akuonetseni zomwe zikugwira ntchito chaka chimenecho, koma kayendedwe kake ndi kameneka.

Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti simukangana ndi munthu pa nkhani ya zomwe mwawononga. Kuipa kwake ndi komweko: siifunsa ngati mwapindula kapena ayi. Chaka chimene katundu wanu wanyowa pa basi, kapena chimene anthu atatu atenga zikwama pa ngongole n'kuzimitsa mafoni, msonkhowo umakhalabe womwewo bola ndalama zogulitsa zafika pa mlingo wake. Ine ndimaona kuti kwa munthu wogulitsa zinthu za phindu lochepa, monga zitenje zomwe pa chimodzi mumangopatapo kangachepe, njirayi imaluma kuposa m'mene imalumira wogulitsa makeke kapena wosoka, amene gawo lalikulu la mtengo wake ndi luso la manja ake.

Palinso china chomwe ambiri sachizindikira. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya katundu wochokera kunja inakwera motsatira. Wogulitsa amene ankagulitsa mapeyala a nsapato 30 pa mwezi akugulitsabe 30 omwewo, moyo wake sunasinthe, mwinanso wafika povuta, koma ndalama zodutsa m'manja mwake zawirikiza. Pamaso pa lamulo, munthu ameneyu wakwera gulu. Ndakumana ndi amayi angapo amene ankadziona ngati a geni ya pakhonde koma titawerengera mauthenga a pa foni yawo tinapeza kuti anadutsa kale K12.5 miliyoni osadziwa. Inu mwati "pafupifupi" K700,000, ndipo mawu amenewo ndi omwe akundichititsa kukupemphani kuti muwerengere bwinobwino, kuphatikizapo Disembala ndi nyengo ya maukwati pamene malonda amathamanga.

Mukadutsa malire a amalonda ang'onoang'ono, mumalowa m'njira yachiwiri, yokhomera msonkho pa phindu, pa mlingo wofanana ndi womwe amadulira anthu a pa ntchito. Tiyerekeze kuti chaka china mwagulitsa katundu wa K15 miliyoni. Yopikulira ndi yolipira pa boda yakwana K10.5 miliyoni, ndipo mayendedwe, otumiza katundu, bandulo, zolongedzera ndi ndalama zomwe amadula potapa pa foni zakwana K1.5 miliyoni. Phindu lanu ndi K3 miliyoni. Pa mlingo womwe unayamba mu Epulo 2024, K150,000 yoyamba pa mwezi, yomwe ndi K1.8 miliyoni pa chaka, inalibe msonkho, ndipo gawo lotsatira linkadulidwa 25 peresenti. Choncho msonkho ukanakhala pa K1.2 miliyoni yotsalayo, zomwe zikupereka K300,000. Taonani tsono kuti chiwerengero chonsechi chaima pa K12 miliyoni ija ya zowononga. Ngati mulibe lisiti, mulibe kope, mulibe chilichonse chosonyeza kuti munapikula pa mtengo wakutiwakuti, wogwira ntchito ku MRA ali ndi mphamvu yokana zina mwa zowonongazo n'kuyerekeza yekha phindu lanu, ndipo kuyerekeza kwake sikudzakukomerani. Dziwaninso kuti fizi ya ana, ndiwo za pakhomo ndi chopereka cha ku banki mkhonde si zowononga za bizinesi, ngakhale zitachokera m'thumba lomwelo.

Amene ali m'njira yachiwiriyi amalipira msonkho wongoyerekeza miyezi itatu iliyonse, pofika pa 25 mwezi wotsatira, ndipo zonse akaziphatikiza ziyenera kufika 90 peresenti ya msonkho weniweni wa chakacho. Kenako amapereka fomu ya pachaka pasanathe masiku 180 chaka chake chowerengera ndalama chitatha. Chaka cha boma, monga mukudziwa, kuyambira mu 2022 chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Ndionjezere pang'ono chifukwa cha aphunzitsi, anamwino ndi ena a pa ntchito amene amagulitsa pa foni madzulo: PAYE, msonkho womwe abwana amadula pa ntchito, ndi ya malipiro okha. Siiphimba geni, ndipo gawo lopanda msonkho lija munthu salilandira kawiri.

Za VAT, msonkho womwe umaonjezeredwa pa mtengo wa katundu, musade nazo nkhawa pakadali pano. Munthu amakakamizidwa kulembetsa VAT ndalama zogulitsa zikafika pa mlingo wokwera kuposa wanu. Mu 2021 mlingowo unakwezedwa kuchoka pa K10 miliyoni kufika pa K25 miliyoni pa chaka. Chofunika kudziwa n'chakuti munthu wosalembetsa VAT saloledwa kuionjezera pa mtengo wa katundu wake kapena kuilemba pa lisiti. Ndinaonapo mnyamata wina wogulitsa mafoni akulemba 16.5 peresenti pansi pa invoisi iliyonse chifukwa ankaona kuti zikuoneka zaulemu ngati za kampani yaikulu. Kumeneko ndi kutolera ndalama m'dzina la boma popanda chilolezo, ndipo ndi mlandu.

Tibwerere ku zitenje 80 zija. Bungwe lija silinakufunseni TPIN pofuna kukuvutitsani. Mabungwe, makampani ndi maofesi a boma amalamulidwa kudula gawo lina pa ndalama zomwe akulipira munthu amene wawagulitsa katundu, n'kukalipereka ku MRA m'dzina la wogulitsayo. Umenewu ndi withholding tax, ndipo pa katundu wogulitsidwa ku mabungwe wakhala uli 3 peresenti. Popanda nambala yanu, sakanadziwa kuti ndalamayo ailembe pa dzina la yani. Mukadzagulitsa zitenje za K1 miliyoni n'kulandira K970,000, musadzaganize kuti akuberani. Mudzapemphe satifiketi yosonyeza K30,000 yomwe adulayo, chifukwa ndi msonkho wanu womwe walipiridwa kale ndipo umayenera kuwerengeredwa pa akaunti yanu. Mayi wina amene ndinkamuthandiza ku Limbe ankapereka mayunifolomu ku masukulu ndi kumabungwe kwa zaka ziwiri, ndipo mapepala amenewa ankangowaponya m'jumbo limodzi ndi zidutswa za nsalu. Titakhala pansi pa mkeka n'kuwatola limodzilimodzi, ena atadyedwa ndi mphemvu m'mbali, tinapeza kuti zomwe anamudula zinali zitaphimba kale gawo lalikulu la msonkho womwe ankauthawa. Anakhala zaka ziwiri akulambalala ofesi yomwe inali itasunga kale ndalama zake.

Simunanene komwe mumapikula, koma nsapato ndi zikwama zambiri zomwe zimagulitsidwa pa foni zimachokera ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe, ku Johannesburg kudzera pa Mwanza kapena pa Dedza, ku Lusaka kudzera pa Mchinji, kapenanso ku China. Msonkho wa pa boda ndi wosiyana ndi wa pa phindu, ndipo kulipira umodzi sikuchotsa unzake. Pa boda pamakhala msonkho wa kasitomu, VAT ya katundu wolowa, pa zinthu zina msonkho wapadera wotchedwa excise, ndipo kuyambira mu 2021 palinso msonkho wa pa phindu wolipiriratu womwe amadula kwa olowetsa katundu wamalonda amene alibe zikalata zowachotsa pa msonkhowo. Wotsirizawu umalembedwa pa nambala ya wolowetsa katunduyo. Apa m'pamene amalonda ang'onoang'ono ambiri amaluzira: amapereka ndalama kwa munthu wa thiraki kapena kondakitala kuti "awaolotsere", katundu amalowa m'dzina la wina kapena salembedwa n'komwe, ndipo iwo amatsala opanda pepala lililonse. Katundu wotere akagwidwa pa rodibuloko, mwini wake alibe poyambira kudandaula, ndipo ngakhale afike bwino, palibe umboni wa mtengo womwe anagulira. Ngati mumapikula konkuno, kwa amashopu a ku Area 2 kapena kwa anzanu amene amapita kunja, za pa boda si zanu, koma lisiti muzilitenga nthawi zonse.

Tsopano za mantha anu aakulu, zaka zitatu zapitazo. Sindikunamizani kuti lamulo limakhululukira munthu chifukwa sankadziwa. Msonkho wa chaka chomwe munachita malonda umakhalabe ngongole, ndipo kuchedwa kumabweretsa chindapusa ndi chiwongoladzanja. Koma taganizirani m'mene geni yanu inayambira. N'kutheka kuti chaka choyamba simunafike n'komwe pa K4 miliyoni, ndipo ngati ndi choncho palibe msonkho wa chaka chimenecho. Chaka chachiwiri mwina munali pa gulu la K110,000. Mukaphatikiza, mupeza kuti nkhani yake ndi ya ndalama yomwe mungathe kuikambirana n'kupempha kuti muzilipira pang'onopang'ono. Kulanda katundu kulipo m'malamulo, koma ndi sitepe yomaliza, yomwe imabwera munthu atawerengeredwa msonkho, atalemberedwa makalata, iye n'kumangokhala chete. Sizichitika tsiku lomwe munthu wabwera yekha ndi chiphaso chake cha unzika kudzalembetsa. Nthawi zina boma limatsegulanso mwayi woti anthu aulule okha ngongole zawo popanda chindapusa, monga linachitira mu 2020 pa nthawi ya mliri wa Covid-19, ndipo mwayi wotere ukalengezedwa si wouzengereza.

Ena amadzilimbitsa mtima kuti a MRA sangawaone chifukwa ndalama zimangodutsa pa foni. Ine ndimawauza kuti ndalama ya pa foni imasiya mapazi kuposa ya m'manja. Kuyambira mu 2018 nambala za foni zimalembetsedwa m'dzina la mwini wake, tsamba lanu la Facebook aliyense amaliona pamodzi ndi mitengo ndi nambala yolipirira, ndipo lamulo limapatsa mkulu wa MRA mphamvu yoitanitsa zikalata kwa mabanki ndi ena amene munachita nawo malonda pamene akufufuza nkhani ya msonkho. Komabe sindikufuna kuti mukalembetse chifukwa cha mantha. Mwaona kale nokha kuti kusowa nambala kwakulandani kasitomala wamkulu kuposa onse amene munakhalapo nawo, ndipo mtsogolo muno mukadzafuna ngongole ya bizinesi ku banki, laisensi ya ku khonsolo kapena kupikisana nawo pa mwayi wogulitsa katundu ku boma, adzakufunsani nambala yomweyo, nthawi zina pamodzi ndi satifiketi yosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho.

Chomwe ndingakulangizeni kuchita sabata ino, musanapite ku ofesi iliyonse, ndi kugula kope lachikuto cholimba. Kumanzere muzilemba tsiku, chomwe mwagulitsa, mtengo wake ndi njira yomwe ndalama yabwerera. Kumanja muzilemba chilichonse chomwe mwalipira chifukwa cha geni, ngakhale K2,000 ya wa njinga yamoto amene sapereka lisiti. Malisiti a makina amafufutika pakapita miyezi yochepa, choncho muziwajambula tsiku lomwelo, ndipo mapepala onse muziwasunga zaka 7. Chachiwiri, patulani nambala imodzi ya foni kapena akaunti imodzi ya ku banki kuti ikhale ya malonda okha. Ndikunena izi motsindika chifukwa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Pa nambala imodzi pamalowa ndalama ya nsapato, ya chipereganyu, ya chipepeso cha maliro yomwe achibale akusonkha kudzera kwa inu, ndi yomwe mlongo wanu wa ku Joni watumiza kuti mukapatse amayi kumudzi. Wofufuza akadzaona zonsezo pa sitetimenti imodzi adzaziwerenga ngati malonda, ndipo udzakhala udindo wanu kutsimikizira kuti K400,000 ya mwezi wa Juni inali ya bokosi ndi chakudya cha pamaliro. Pa zaka zapitazo, pemphani masitetimenti ku kampani ya foni ndi ku banki, mukhale nawo pansi ndi cholembera, muchonge zomwe zinali za malonda, kuti mudzapite ndi chiwerengero chanu m'malo modikira kuti wina akupangireni.

Mukatero, pitani ku ofesi ya MRA ya misonkho ya m'dziko yomwe muli nayo pafupi, kapena mulembetse kudzera pa Msonkho Online ngati intaneti mumaizolowera. Nambalayo ndi yaulere, ndipo aliyense amene angakupezeni panja pa ofesi n'kukuuzani kuti mumupatse kenakake kuti akufulumizitsireni, mukaneni. Ngati mumagulitsa pa dzina la bizinesi losiyana ndi lanu, lilembetseninso ku ofesi yolembetsa mabizinesi ya boma kuti dzina la pa invoisi, la ku banki ndi la ku MRA likhale limodzi. Polipira, ndalama izipita ku akaunti ya MRA kudzera ku banki kapena njira zina zovomerezeka, osati m'manja mwa munthu, ndipo umboni wake muziusunga m'kope lomwe lija. Mukadzaleka geni kapena kuiimitsa kwa nthawi yaitali, mudzawadziwitse polemba kalata, chifukwa nambala ikakhala yamoyo iwo amayembekezerabe kumva kuchokera kwa inu.

Pa msinkhu womwe mulipowu simukufunika kulemba ntchito akauntanti wa mwezi ndi mwezi. Kope ndi ulendo umodzi wa ku ofesi n'zokwanira. Koma pali nthawi zomwe sindingakulangizeni kuyenda nokha. Mukawerengera n'kupeza kuti chaka china munadutsa K12.5 miliyoni, mukayamba kuyandikira mlingo wa VAT, mukalemba ntchito munthu wolandira malipiro ofika podulidwa PAYE, kapena mukayamba kuitanitsa nokha katundu wambiri kuchokera kunja, funani akauntanti amene ndi membala wa ICAM, bungwe la maakauntanti m'dziko muno, ndipo pa za pa boda mugwiritse ntchito ejenti wovomerezeka ndi MRA. Koposa zonse, mukadzalandira kalata yokuwerengerani msonkho womwe simukugwirizana nawo, musadzaiike pansi pa matiresi. Lamulo limapereka masiku 30 oti munthu alembe kalata yotsutsa kwa mkulu wa MRA, ndipo masikuwo akadutsa chiwerengero chija chimakhazikika ngakhale chitakhala cholakwika. Tsiku lomwelo mudzalembe deti lomwe mwailandira pakona pa kalatayo, mudzatenge kope lanu ndi masitetimenti, n'kupita nazo kwa wodziwa.